Injini Yokalamba Sichira ndi Chithumwa

Aliyense amene adaimapo pa Ginnery Corner nthawi ya m'mawa, kudikira minibasi yopita ku Limbe, akulidziwa fungo la mzinda wa Blantyre. Si fungo la mandasi kapena la mvula yoyamba ayi, koma la dizilo wosapsa bwino. Lole ikangosintha giya kuti iyambe kukwera cholowera ku Chichiri, kumbuyo kwake kumatsala mtambo wakuda bii, ndipo amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu amangophimba mphuno ndi nsonga ya chitenje. Tidazolowera. Injini zambiri zimene zasenza mzinda uno n'zokalamba, n'zotopa, ndipo eni ake akusowa tulo poganiza m'mene angazibwezere mphamvu. Tsono pamene pali munthu wosowa tulo, wogulitsa mankhwala sachedwa kufika.

Mankhwala amene ndikufuna kulimbana nawo m'nkhani ino ndi kachipangizo kamene ogulitsa amakatchula kuti electric supercharger, ena amangoti turbo ya magetsi. Amati ukakamangirira pa paipi yolowetsa mpweya mu injini, galimoto yokalamba imasanduka mnyamata, imakwera mapiri mosatopa, ndipo imamwa mafuta ochepa. Ndinene poyera pachiyambi pomwe kuti tisataye nthawi. Kachipangizo kotchipa kamene kakufika m'manja mwa anthu athu ndi chithumwa chabe. Chipangizo chenicheni chilipodi kunjaku, koma sichidapangidwire galimoto zathu, misewu yathu, ngakhalenso matumba athu. Munthu amene ali ndi injini yakale ya dizilo yokhala ndi turbo, ndipo ali ndi kandalama pang'ono m'thumba, akagula chipangizo chimenechi ndiye kuti wataya ndalama kawiri: koyamba pogula, kachiwiri pokonza zimene chidzaononge.

Nkhaniyi ndidaidziwa kudzera mwa alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene amakhala ku Bangwe. Iwowa ali ndi pikapu ya dizilo ya malita 3, yokhala ndi turbo, imene idapangidwa mwana wawo wachisamba asanabadwe. Pikapu imeneyi ndiye munda wawo, ndiye nkhokwe yawo. Kawiri pa sabata amatsikira ku Chikwawa kukapikula chimanga chachiwisi, mbatata ndi mbuzi, n'kudzagulitsa kwa amalonda a mumsika wa Limbe. Fizi ya ana, lendi ya nyumba, ndiwo za tsiku ndi tsiku, zonse zimachokera pa matayala anayi amenewo. Chaka chatha galimotoyo idayamba ulesi. Ikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri inkabuula ngati ng'ombe yokoka ngolo yodzadza, utsi uli tolotolo, mpaka njinga zamoto za kabaza kumaipitirira oyendetsa ake akuseka.

Loweruka lina alamu adafika kwathu ku Chilomoni nkhope ili ngwee, kabokosi kali kukhwapa.

"Alamu, mavuto aja atha," adatero asanakhale n'komwe pampando.

"Mwagula injini ina kodi?"

"Injini ya chiyani? Taonani ichi. Ndidachiona pa foni, galimoto ikuchita kuuluka. Mnyamata wina woitanitsa katundu kunja wandipezera ku Limbe. Akuti mphamvu iwonjezeka, dizilo naye ndizithira wochepa."

Ndidatsekula kabokosiko. M'kati mudali kapaipi kapulasitiki, m'kati mwa kapaipiko muli kafani konga ka choumitsira tsitsi ku saluni, mawaya awiri opyapyala, kaswitchi ndi fyuzi yolembedwa ma amp 15. Ine si makaniko. Ndidaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri, ndipo nditangoona fyuzi ija mtima wanga udadziwa kuti apa palibe kanthu. Koma ndidaona chimwemwe cha munthu wamkulu, ndidaopa kuoneka wansanje kapena wodzimva sukulu, ndipo ndidangoti, "Chabwino alamu, kayeseni." Chete ameneyo ndi amene akundilembetsa nkhani ino. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi; ine tsiku limenelo sindidali mnansi.

Kuti timvane bwino tiyambe ndi m'mene injini ya dizilo imapumira. Injini imeneyi, imene Rudolf Diesel adaiyendetsa bwino koyamba ku Augsburg m'dziko la Germany mu 1897, ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Imakoka mpweya n'kuufinya kwambiri, kuuchepetsa pafupifupi ka 20, mpaka mpweyawo utatentha kupitirira madigiri 500. Dizilo akapoperedwa mumpweya wotenthawo amayaka yekha. Mphamvu imachokera m'mafuta, koma mafuta sangapse onse popanda mpweya wokwanira. Aliyense amene adakolezapo mbaula akudziwa kuti makala akachuluka mphepo n'kuchepa, chotsatira chake ndi utsi ndi misozi. Utsi wakuda wa pa Ginnery Corner uja ndi dizilo amene mwini galimoto adalipira ndalama zake koma sadamugwirire ntchito.

Turbo ndi mvukuto wa injini. Makolo athu osula makasu ankadziwa kuti moto wofewetsa chitsulo saupemerera ndi pakamwa, umafuna mvukuto. Mu 1905 katswiri wina wa ku Switzerland, Alfred Büchi, adalembetsa nzeru yoti utsi wotentha wotuluka mu injini, m'malo mongotayika, uzizunguza kagudumu ka mapiko, ndipo kagudumu kameneko kazizunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya mu injini mwamphamvu. Timagudumu timeneti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Kwathu kuno mvukuto umenewu ndi wofunika kwambiri. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Limbe ali pamwamba kuposa apo, ndipo mpweya wa pamalo okwera chotere ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi wa ku Beira. Galimoto yochoka ku Chikwawa imakwera mamita pafupifupi 900 ili ndi katundu pamsana, mpweya ukunka nupepuka pamene ikuufuna kwambiri.

Turbo ili ndi chilema chimodzi: imadalira utsi. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono utsi umakhala wofooka, ndipo turbo imakhala ngati yagona. Dalaivala akaponda mafuta pamadutsa kanthawi galimoto ikuzengereza, kenako n'kudzidzimuka. Aliyense amene adanyamukapo ndi katundu pa chitunda cha ku Ndirande kapena ku Chilobwe akukadziwa kanthawi kameneka. Apa ndi pamene wogulitsa amaloza chala. Amati: bwanji osaika mota ya magetsi yokankha mpweya, imene sidikira utsi? Ganizo lenilenilo si lopusa ayi. Chopusa ndi kukhulupirira kuti kafani ka m'kabokosi kaja kangagwire ntchito imeneyo. Ndipo pano sitifunika kukangana mokweza mawu, masamu alipo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Injini ya malita 3 imakoka theka la malita amenewo pa kuzungulira kulikonse. Ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, monga imachitira pokwera phiri, imameza malita 4,500 a mpweya pa mphindi imodzi, kutanthauza malita 75 pa sekondi. Taganizani zigubu za malita 20 pafupifupi zinayi zikukhuthulidwa sekondi iliyonse. Umenewo ndi mpweya umene injini ikukoka payokha turbo isanathandize. Tsono kuti mpweya wochuluka chotere ufinyidwe mpaka kukankha kwake kuwonjezeke ndi theka, ntchito imene turbo yabwinobwino imachita mosavuta, pamafunika mphamvu ya mawati 5,000 mpaka 6,000. Imeneyo ndi mphamvu ya maketulo atatu a magetsi akuwira nthawi imodzi.

Nanga kafani ka alamu anga? Batire la galimoto yawo ndi la ma volt 12, fyuzi ndi ya ma amp 15. Tikachulukitsa 12 ndi 15 tipeza mawati 180, ndiye malire ake. Kakapitirira pamenepo fyuzi ipsa. Mawati 180 ndi mababu atatu akale aja a mawati 60. Ndi gawo limodzi mwa magawo 30 a mphamvu yofunikayo. Wina anganene kuti, chabwino, tipange mota yaikulu ya mawati 6,000. Pa batire la ma volt 12 mota imeneyo ingafune ma amp 500. Alternator ya injini zakalezi imapereka ma amp pakati pa 60 ndi 100, ndipo amenewo akugawana nyali, wailesi ndi batire lomwe. Chinthu chokhacho m'galimoto chimene chimakoka ma amp mazanamazana ndi sitata, ndipo imatero kwa masekondi ochepa okha. Kayang'aneni kunenepa kwa waya wopita ku sitata, mukumbukirenso m'mene batire limafera mukaliza kangapo m'mawa wa mwezi wa June galimoto ikukana. Kenako muyang'ane timawaya ta kafani kaja, tonga ta wailesi ya m'nyumba. Yankho mulipeza nokha.

Pali chinanso chimene ogulitsa safuna kuti tisiyanitse: kukupiza ndi kupopa. Fani imakupiza mphepo pamalo otseguka, koma siingafinye mpweya. Pezani wakabaza amene tayala la njinga yake laphwa mumsika wa Limbe, mumupatse fani ya patebulo kuti apopere. Adzakuyang'anani ngati mwapenga. Mphepo ya fani imamveka yamphamvu pankhope, koma ikakumana ndi chotchinga imangobwerera. Injini imafuna pampu, osati chokupizira. Choipa kwambiri n'chakuti kafanika amakaika pa paipi imene turbo imakokera mpweya. Turbo ikadzuka n'kuyamba kukoka mwamphamvu, mpweya umathamanga kuposa m'mene kafani kangaukankhire, ndipo kafaniko kamasanduka chopinga, ngati mbuzi yogona pakati pa msewu. Onjezani kutentha kwa pansi pa boneti ndi kugwedezeka kwa misewu yathu ya maenje. Tsiku lina phiko lapulasitiki limathyoka, ndipo njira yake ndi imodzi yokha: kulunjika pa kagudumu kozungulira ka 100,000 pa mphindi.

N'zimene zidachitikira alamu. Patatha sabata zitatu, ali pakati pa mapiri ndi chimanga chodzadza, adamva kulira kwachilendo pansi pa boneti, mphamvu idathera pomwepo, utsi n'kubuka. Adagona panjira. Pofika ku Limbe mawa lake, atalipira wowakoka, chimanga chidali chitafota ndipo amalonda adagula pa mtengo wachifundo. Ndidawaperekeza ku Ndirande kwa mkulu wina wokonza injini za dizilo, amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Mkuluyo adamasula paipi, adatulutsa kafani kopanda mapiko awiri, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi adakuikirani ndani, achimwene?"

"Madala, amati chimawonjezera mphamvu."

"Chawonjezeradi," adatero mkuluyo akupukuta manja. "Chawonjezera ntchito yanga."

Chimene chidandiwawa kwambiri ndi zimene mkuluyo adapeza atapitiriza kufufuza. Sefa ya mpweya idali itatsekeka ndi fumbi la ku Chikwawa. Kwa zaka ziwiri ankangoipuntha ndi kuiuzira m'malo mogula ina. Paipi ya mphira yochokera ku turbo kupita ku injini idali ndi mng'alu, womangidwa ndi lekeni, ndipo mpweya umene turbo inkafinya unkathawira pamenepo. Manozo a dizilo adali otha, ankadontha m'malo mopopera ngati nkhungu. Oyilo adali wakuda ngati phula, atapitirira nthawi yake kalekale. Galimotoyo sinkasowa mphepo yochokera kwina ayi. Inkabanika pakamwa, ndipo mpweya wake womwe unkatayika panjira. Ndalama imene idapita ku chithumwa ikadakwana sefa, paipi ndi oyilo, n'kutsalako yoyambira pa manozo. Tsopano pa zonsezo padawonjezeka turbo yophwanyika mapiko. Safunsa adadya phula.

Ndikudziwa kuti alipo amene akufuna kunditsutsa, ndipo sindiwathawa. Woyamba akuti: "Iwe ukunama, makampani akuluakulu a ku Ulaya amaika zipangizo zimenezi m'galimoto zawo." Zoona. Mu 2016 kampani ya Audi idatulutsa galimoto ya dizilo yotchedwa SQ7 TDI, yokhala ndi chofinyira mpweya choyendera magetsi. Koma tamvani zimene adachita kuti chitheke. Chipangizocho chimakoka mawati ofika 7,000, ndipo chimafika pa kuzungulira ka 70,000 pa mphindi m'kanthawi kosakwana theka la sekondi. Poona kuti ma volt 12 sangakwanitse, adaika magetsi ena apadera a ma volt 48 ndi batire lakelake la lithium. Adasiya turbo ziwiri zoyendera utsi zili m'malo mwake, chifukwa chamagetsicho ntchito yake ndi kungothandiza pa kanthawi konyamuka kaja, turbo zikadzuka icho n'kupuma. Ndipo zonsezi zimalamulidwa ndi kompyuta imene imayeza mpweya ndi mafuta nthawi iliyonse. Chitsanzo cha Audi sichikuikira kumbuyo kafani ka ku Limbe, chikukatsutsa. Chikutsimikiza masamu athu aja, kuti ntchitoyi imafuna mawati masauzande, osati mababu atatu.

Wachiwiri akuti: "Nanga ndikagula chenicheni, cha ma volt 48, chimene makampani ena amagulitsa kuti munthu aike m'galimoto yakale?" Apa ndivomere kuti chimenecho chimafinyadi mpweya, ndipo chingachepetse kuzengereza ndi utsi wa ponyamuka. Koma funso lathu si lakuti kodi chimagwira ntchito. Funso ndi lakuti kodi n'chaphindu kwa ife. Mtengo wake, pamodzi ndi batire ndi zotchajira, umawerengedwa m'madola masauzande, m'dziko limene ndalama zakunja timachita kuzisaka ndi nyali. Ndalama imeneyo ingathe kukonza injini yonse n'kukhalanso ngati yatsopano. Chachiwiri, vuto la alamu anga silidali pa masekondi awiri onyamukira pa maloboti a mu Victoria Avenue. Lidali pa phiri limene galimoto yolemedwa imakwera kwa mphindi zambiri, ndipo batire laling'ono lopereka mawati 5,000 silingapirire ulendo wotere. Chachitatu, magetsi a m'galimoto si aulere. Batire limatchajidwa ndi alternator, alternator imazunguzidwa ndi lamba, lamba amakokedwa ndi injini, injini imamwa dizilo yemwe uja. Chachinayi, injini zimene zadzadza m'misewu yathu, monga 2L-T ndi 1KZ-TE za Toyota, 4D56 ndi 4M40 za Mitsubishi, 4JB1-T ya Isuzu ndi TD27T ya Nissan, zidapangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. N'zolimba, n'chifukwa chake zikadali moyo. Koma injini imene yayenda makilomita mazana a masauzande, gasiketi yatopa, rediyeta yadzadza dzimbiri, ukaikakamiza kunyamula zoposa msinkhu wake imakuyankha ndi kutentha ndi kung'aluka kwa hedi. Nkhalamba saipatsa mankhwala oti ithamange mpikisano. Ndipo chikafa chipangizo chodulacho, adzachikonza ndani ku Ndirande kapena ku Kachere?

Wachitatu ndi amene amandivuta kwambiri, chifukwa amalankhula moona mtima. Akuti: "Ine ndidaika, ndipo ndidamva kusintha." Alamu anganso adamva kusintha sabata yoyamba. Munthu amene walipira ndalama zake amafuna kumva kusintha, ndipo kafani kamalira mokoma ngati ndege, khutu n'kunamiza phazi. Komanso nthawi zambiri woika chipangizocho amapukutako sefa, amamanganso paipi imene idali yokhwepa, mwinanso amapotokola sikuluwu ya pa pampu kuti dizilo azilowa wambiri; ulemu wonse n'kupita kwa kafani. Kuyesa kwake n'kosavuta. Sankhani chitunda chimodzi, katundu yemweyo, giya yomweyo. Kwerani kafani katayatsidwa, mnzanu akuwerenga masekondi pa foni. Kenako kachotseni mu paipi, mukwerenso. Lembani malita ndi makilomita m'kope kwa mwezi wathunthu. Wogulitsa amene amakhulupirira katundu wake avomere kuyesa kumeneku pamaso pa anthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya sikuluwu ya pa pampu ndiyo ikundifikitsa pa chimene chimandikwiyitsa. Chithumwa chikalephera, chotsatira chake n'kuwonjezera mafuta, chifukwa imeneyo ndiye njira yachidule yopezera kamphamvu. Koma mafuta owonjezera popanda mpweya wowonjezera ndi utsi, ndipo utsiwo saupuma mwini galimoto yekha. Mu June 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO idalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Amene amaupuma tsiku lonse ndi kondakitala wolendewera pakhomo, wapolisi wa pamsewu, mayi wogulitsa zitumbuwa pa Mibawa ndi mwana amene ali kumsana kwake, amene mphuno yake ili pafupi ndi ekizozi kuposa yathu. Anzathu a ku Japan adaziona izi kale. Mu 1999 bwanamkubwa wa Tokyo, Shintaro Ishihara, adaonetsa atolankhani botolo lodzadza mwaye wa dizilo, ndipo mu October 2003 mzinda wa Tokyo ndi zigawo zoyandikana nawo zidaletsa malole ndi mabasi akale a dizilo osakwanitsa muyezo wa utsi. Galimoto zakale zochoka ku Japan n'zimene timalandira ife kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Durban. Ngati tazilandira zili zokalamba kale, chocheperatu chimene tingachite n'kuzisamala kuti zizipsereza mafuta bwino, osati kuzivekerera zithumwa.

Wotsutsa womaliza akuti: "Inu ophunzira mumanyoza mmphawi akamayesa kudzithandiza." Ayi ndithu. Ndikudziwa chimene chimamukankhira munthu ku chithumwa. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo sipeya iliyonse ya galimoto imachokera kunja. Tidagona pa mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, tidagonanso mu 2022 ndi zaka zotsatira, ndipo ambiri adakakamizika kuthira dizilo wa m'zigubu wosadziwika chimene adasakaniza, amene amapha pampu ndi manozo. Dalaivala wa minibasi ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana madzulo, zivute zitani. Munthu wotere ukamuuza kuti pali kanthu kotchipa kothetsa mavuto onse, akhulupirira chifukwa akufunitsitsa kuti zikhale zoona. Koma amene akunyoza mmphawi si ine womuuza zoona. Ndi uja amene akudziwa kuti kafani ka mawati 180 sikangapope ngakhale tayala la njinga, koma akulandira ndalama ya fizi ya mwana wa mnzake. Wolemera akanamizidwa amaseka n'kugula china. Wosauka akanamizidwa mwana amakhala pakhomo teremu yonse.

Tili ndi mabungwe amene angatithandize. Lamulo loteteza ogula lidakhazikitsidwa m'dziko muno mu 2003. Bungwe la Malawi Bureau of Standards likulu lake lili mu Blantyre momuno. Kuli CFTC yoona za chilungamo pa malonda, kuli CAMA yoyankhulira ogula. Ndikuwapempha kuti katundu wolonjeza kuwonjezera mphamvu ya injini kapena kupulumutsa mafuta aziyesedwa, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi m'chilankhulo chimene dalaivala wa ku Bangwe amamva. Pa msewu wa Masauko Chipembere pali sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ndipo ku Limbe kuli Soche Technical College. Ophunzira a zamakina kumeneko angathe kumanga kafani kotere pa injini tsiku limodzi, kuyeza, n'kuuza mtundu wonse zimene apeza. Nawo a Road Traffic, poyesa galimoto kuti ilandire COF, utsi aziuona ngati matenda a galimoto mofanana ndi mabuleki ofooka.

Koma tisadikire mabungwe. Inu amene muli ndi injini yakale ya turbo imene yayamba ulesi, yambani ndi zotchipa. Sinthani sefa ya mpweya ndi ya dizilo. Yang'anani mapaipi onse a pakati pa turbo ndi injini; pamene pali mng'alu pamaoneka chinyezi cha oyilo ndipo pamamveka kulira kwa mluzu. Pititsani manozo ndi pampu kwa amene ali ndi makina oyezera, osati kwa wongopotokola sikuluwu ndi khutu. Sinthani oyilo pa nthawi yake, chifukwa turbo imayandama pa oyilo, ndipo oyilo wakuda ndiye mdani wake wamkulu. Mukafika pamwamba pa phiri kapena pamapeto a ulendo wautali musathimitse injini nthawi yomweyo. Isiyeni ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire. Mukaona utsi wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo akutha msanga, thamangirani kwa makaniko, chifukwa turbo yodontha oyilo ingathe kudyetsa injini oyilo wake womwe mpaka kulephera kuithimitsa ndi kiyi. Tsukani rediyeta. Ndipo chowawa kumva koma choona: galimoto ya tani imodzi musaisenzetse matani awiri n'kumadabwa kuti yafooka. Palibe chipangizo padziko lapansi chimene chingachiritse dyera.

Alamu anga adakongola ndalama ku banki m'khonde ya mlongo wanga, adagula turbo yogwiritsidwapo kale ntchito, sefa, paipi ndi manozo. Ngongoleyo adaibweza miyezi isanu. Lero pikapu ija imakwera mapiri a ku Chikwawa monga inkachitira kale. Siuluka ngati ya pa foni ija, koma imafika, ndipo kumbuyo kwake munthu amatha kuona msewu. Ine ndidapepesa chifukwa cha chete wanga wa Loweruka lija, iwo adangoseka n'kunena kuti ngakhale ndikadalankhula sakadamva. Mwina n'zoona. Komabe ndalankhula tsopano, kuti wina amene kabokosi kali kukhwapa ayambe wawerenga fyuzi asanamasule paipi.

Kafani kaja sadakataye. Mdzukulu wawo adakalumikiza ku batire lakale la njinga yamoto, ndipo mlongo wanga amakolezera mbaula m'mawa. Akuti makala amayaka msanga ndithu. Ndidapita kukaona ndi maso anga, ndipo ndikuchitira umboni: pa ntchito imeneyo kachipangizoka n'kabwino kwambiri.